Kodi khoti lingakakamize abusa kuulula zimene munthu anawauza mwachinsinsi?

Bambo Mbewe, Kamwendo:
Abale ndi alongo apagulu pano, ndabwera ndi nkhani imene yatisowetsa tulo ife akulu a mpingo wa kuno, ndipo ndikupempha amene mumadziwa malamulo kuti mutiunikire. Mwezi wathawu mlimi wina wa m'dera lathu anaberedwa matumba asanu ndi limodzi a soya, atangomaliza kumenya ndi kupeta, ndipo anakadandaula kupolisi monga mwa dongosolo. Patatha masabata awiri, munthu wina anapita kwa abusa athu usiku nakhala nawo nthawi yaitali, ndipo kutacha abusa anapalasa njinga kupita kwa mlimi uja atatenga ndalama zokulunga m'kapepala ka pulasitiki. Anamuuza kuti ndalamazo ndi za soya wake, kuti amene anatenga watsutsika mumtima ndipo wabweza, koma dzina lake iwo satchula. Mlimiyo anawerenga ndalamazo pamaso pawo, zinakwana, ndipo anathokoza. Vuto labuka pamene apolisi amva za nkhaniyi, chifukwa tsopano akufuna abusa anene amene anawapatsa ndalamazo, ndipo awauza mwaulemu ndithu kuti nkhani ikafika kukhoti akhoza kuitanidwa ngati mboni. Abusa akuti zimene anamva usiku umenewo anazimva monga mtumiki wa Mulungu, choncho sangazitulutse. Kodi lamulo limawateteza pamenepa, kapena majisitireti akhoza kuwakakamiza, ngakhale kuwatsekera kumene, akakana kuyankha?

Mayi Nangozo, Ludzi:
A Mbewe, za kukhoti ndisiyira ena, koma ndifotokozeko mmene zilili kwathu ku Katolika, chifukwa ndakhala ndikuphunzitsa ana a chilapo choyamba kwa zaka zambiri. Zimene munthu wanena m'sakramenti la kulapa sizituluka, zivute zitani. Lamulo 983 la malamulo a Mpingo a mu 1983 limaletsa wansembe kuulula wolapa kaya ndi mawu, kaya ndi chizindikiro, kaya mwa njira ina iliyonse, ndipo lamulo lomwelo limamanganso womasulira chilankhulo ndi wina aliyense amene wamva mwangozi. Lamulo lotsatira lake limaletsa wansembe ngakhale kugwiritsa ntchito zimene wamvazo mopweteka wolapayo. Wansembe amene waulula mwadala amakhala atadulidwa mu Mpingo nthawi yomweyo, ndipo womumasula ndi likulu la Mpingo ku Roma lokha. Si za dzulodzulo ayi: msonkhano waukulu wachinayi wa ku Lateran mu 1215 unalamula kale kuti wansembe woulula achotsedwe pa udindo ndi kukhala moyo wake wonse akulapa m'nyumba ya amonke. Timawauzanso ana za Yohane Woyera wa ku Nepomuk, amene anamizidwa mumtsinje wa Vltava ku Prague mu 1393, ndipo mwambo wa Mpingo umati anafera kukana kuuza mfumu zimene mfumukazi inalapa. Anyamata amene amayamba maphunziro a unsembe kuno ku Kachebere amakula akudziwa kuti imeneyi ndi nkhani yoti ndende ndi yabwino kusiyana ndi kutsegula pakamwa.

Bambo Sakala, Mchinji Boma:
Ndinagwira ntchito m'makhoti kwa nthawi yaitali ndisanapume, ndiye ndilankhule mosapita m'mbali, ngakhale kuti mawu anga salowa m'malo mwa loya. Zimene Mayi Nangozo anena ndi zoona, koma limenelo ndi lamulo la mpingo, ndipo limamanga wansembe, osati majisitireti. Funso la a Mbewe ndi lakuti khoti lenilenilo lingatani.

Malamulo athu a umboni anazika mizu yake ku England. Kuyambira mu 1902, dziko lino lidakali kutchedwa British Central Africa, makhoti anauzidwa kuti azitsata malamulo a kumeneko, ndipo zigamulo zakale za oweruza a ku England zidakali ndi mphamvu pa kaganizidwe ka makhoti athu. Tsono kumeneko chinsinsi chimene chili ndi mpanda wolimba ndi cha pakati pa loya ndi munthu amene akumuimira. Cha wansembe kapena mbusa sanachimangire mpanda wotere. Mu 1881, pa mlandu wa Wheeler ndi Le Marchant, woweruza wamkulu George Jessel ananena poyera kuti zimene munthu wauza wansembe polapa sizitetezedwa monga zimene wauza loya wake.

Pali mlandu wina umene ukufanana kwambiri ndi wa ku Kamwendowu. Mu 1860 ku Durham, munthu wina wotchedwa Hay ankaimbidwa mlandu woba wotchi, ndipo wotchiyo inabwezedwa kudzera mwa wansembe wa Katolika, Bambo Kelly. Atafunsidwa m'khoti kuti anailandira kwa yani, wansembeyo anakana kuyankha. Woweruza anamuuza kuti sakumufunsa zimene anamva m'chilapo, akungomufunsa dzanja limene linamupatsa wotchi, ndipo atakanabe anamutumiza kundende chifukwa chonyoza khoti. Taonani mmene woweruzayo anasiyanitsira mawu ndi chinthu chogwirika. Woimira boma wochenjera akhoza kuwafunsa abusa anu chimodzimodzi, kuti sitikufuna za pemphero lanu, tingouzani amene anakupatsani ndalama. Chifukwa cha ichi, ine sindingawalimbitse mtima kuti akakhale phee poganiza kuti pali chitetezo chofanana ndi cha loya.

Mbusa Tembo, Kapiri:
Zikomo a Sakala chifukwa chosatinyengerera. Koma mtima wanga wawawa, chifukwa ndikudziwa zimene zimachitika pakhonde la mbusa usiku. Munthu sabwera ndi nkhani yotere masana anthu akuona. Amabwera atavula chipewa, amakhala pansi ngakhale mutamupatsa mpando, ndipo amayamba ndi kufunsa za mvula ndi za ana, mpaka mawu enieniwo atuluke okha. Chimene chimamufikitsa pamenepo ndi chikhulupiriro chakuti zithera pomwepo. Akadziwa kuti mawa mbusa akaima m'bokosi la mboni ndi kumuloza chala, sadzabweranso, ndipo wotsatira wake sadzabweranso. Kodi pamenepo boma lapindula chiyani? Mlimi uja walandira ndalama zake zonse chifukwa panali khomo limodzi limene wakubayo sanaope kugogoda. Mukatseka khomo limenelo, simupeza mboni zambiri ayi, mungotaya kubweza kumene kukanachitika.

Bambo Sakala, Mchinji Boma:
Abusa, mfundo yanuyo ndi imene inapambana ku America, ndipo ndi bwino muidziwe nkhani yake. Mu 1813 ku New York, wansembe wa chipani cha Ajezuwiti, Anthony Kohlmann, anabweza kwa mwini wake katundu wakuba amene anamulandira kwa munthu wolapa. Khoti limene ankalitsogolera meya wa mzindawo, DeWitt Clinton, linagamula kuti kumukakamiza kuulula kukanakhala kuphwanya ufulu wake wa chipembedzo. Komatu mu 1817, m'dera lomwelo, khoti lina linalola kuti mbusa wa mpingo wosakhala wa Katolika apereke umboni wa zimene anauzidwa, ponena kuti mpingo wake unalibe sakramenti la kulapa lomumanga pakamwa. Kusiyanitsa kumeneku kunaoneka kokondera, ndipo mu 1828 aphungu a ku New York anakhazikitsa lamulo loteteza atumiki a mipingo yonse. Lero zigawo zonse 50 za dzikolo zili ndi chitetezo chotere, ngakhale kuti malire ake amasiyana. Phunziro lake ndi lakuti chitetezo cholimba chinabwera pamene aphungu anachilemba momveka.

Kwathu kuno pogwira pake ndi malamulo oyendetsera dziko a mu 1994, amene ali pamwamba pa zigamulo zonse zakale za ku England. Gawo 33 limapereka ufulu wa chikumbumtima ndi wa chipembedzo, ndipo gawo 21 limateteza moyo wa munthu wamseri, kuphatikizapo zimene amalankhulana ndi anzake mwachinsinsi. Loya wabwino akhoza kuima pa magawo awiriwa ndi kupempha khoti kuti lisawakakamize abusa. Koma tisaiwale gawo 44, limene limalola kuchepetsa ufulu ngati kutero kwalembedwa m'lamulo, n'koyenera, ndiponso n'kofunika m'dziko la demokalase. Choncho ndi nkhani yokatsutsana pamaso pa woweruza, osati yongotulutsa chiphaso cha ubusa n'kubwerera kunyumba.

Mayi Naphiri, Mkanda:
Ndawerenga zonse mwachifatse, ndipo ndikuona kuti tonse tikuyang'ana abusa ndi wakuba wolapayo, koma pali munthu wina amene sanatchulidwe. A Mbewe, ndikufunseni mwaulemu: soya atabedwa, kodi palibe amene anagwidwa? Ndikufunsa chifukwa m'midzi mwathu katundu akasowa, chala chimayamba kuloza waganyu.

Bambo Mbewe, Kamwendo:
Mayi Naphiri, mwagunda pamene ndinkazemba. Zoonadi alipo mnyamata wina amene ankagwira ganyu yomenya soya pakhomopo. Anagwidwa tsiku lotsatira, anagona m'chitokosi masiku angapo, ndipo panopa anatuluka pa belo akudikira tsiku la mlandu. Chitulukireni palibe amene wamupatsanso ganyu, ndipo mayi ake asiya kubwera ku mapemphero a chigawo chifukwa cha manyazi. Ife akulu sitikudziwa ngati amene anapita kwa abusa ndi iyeyo kapena ndi wina, chifukwa abusa sanatiuze ndipo sitinawafunse.

Mayi Naphiri, Mkanda:
Ndiye nkhani yake ndi imeneyo, ndipo si yophweka monga inayambira. Ngati amene anabweza ndalama ndi wina, ndiye kuti pali mwana wa munthu amene akusenza mlandu wosakhala wake pamene mtumiki wa Mulungu akudziwa zoona zake. Apolisi sakufunsa chifukwa cha chidwi chabe, akufuna kudziwa ngati munthu amene akumutengera kukhoti ndi wolakwadi. Ine ndimagwira ntchito yoteteza ana m'midzi, ndipo ndaona zambiri zobisidwa ndi mawu akuti "zimenezi ndi za mumpingo". Ndikukumbukira mtsikana wa zaka 13 amene anasiya sukulu mwadzidzidzi. Nditamupeza anali atakhala kuseri kwa nkhokwe, atafunda chitenje mpaka kumutu dzuwa likuswa mtengo, ndipo sankafuna kuyang'ana munthu kumaso. Zinadziwika kuti amene ankamuchita zachipongwe ndi wachibale wa m'nyumba momwemo, kuti mayi ake anakauza mtsogoleri wa mpingo wawo miyezi inayi m'mbuyomo, ndipo kuti mtsogoleriyo anangoitanitsa banja, kupemphera nalo, ndi kulamula kuti nkhaniyo isatuluke. Miyezi inayi yonseyo mwanayo ankagonabe m'nyumba imodzi ndi munthu yemweyo. Paja akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ine ndikuopa kuti chitetezo chimene mukuchifunachi chingasanduke mkhate wa anthu otere. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la mu 2010 limapereka udindo kwa munthu aliyense wa m'dera amene ali ndi chifukwa chokhulupirira kuti mwana akuzunzidwa kuti akanene kwa mfumu, kupolisi kapena kwa a zachisamaliro cha anthu, ndipo kuyambira mu 2017 malamulo oyendetsera dziko amati mwana ndi aliyense wosafika zaka 18.

Mayi Nangozo, Ludzi:
Achemwali, nkhani ya mtsikanayo yandikhudza kwambiri, ndipo mtsogoleri ameneyo analakwa kotheratu. Koma tisiyanitse zinthu, chifukwa pamenepo panalibe chinsinsi cha kulapa. Mayi amene akudandaula kuti mwana wake akuzunzidwa sakulapa tchimo lake, akupempha thandizo, ndipo ngakhale kwathu ku Katolika zimene wansembe wamva mu ofesi, pamsewu kapena pa msonkhano wa mphakati sizili pansi pa lamulo 983. Mwana amene wanena zotere m'chilapo, wansembe woganiza bwino amamuuza kuti ilo si tchimo lake, ndipo amamulimbikitsa kuti akabwereze mawu omwewo kunja kwa chilapo, kwa iyeyo kapena kwa munthu wina wamkulu, kuti thandizo lipezeke. Wolakwa amene wabwera kudzalapa amauzidwa kuti kulapa kopanda kukonza zimene waononga ndi kwachabe, ndipo wansembe akhoza kukana kumukhululukira ngati sakuonetsa chisoni chenicheni. Chokhacho chimene sangachite ndi kutuluka m'chilapo n'kukamunenera.

Mayi Naphiri, Mkanda:
Ndikumva kusiyanitsa kwanuko, mayi, ndipo ndikukulemekeza. Komabe chotsala chokhacho ndi chimene chinavutitsa anthu ku Australia. Kafukufuku wa boma wokhudza nkhanza zogonana ndi ana m'mabungwe anayenda kuyambira 2013 mpaka 2017, anamva umboni wa anthu masauzande, ndipo anapempha kuti ngakhale zimene zamveka m'chilapo zisakhale chifukwa chokhalira chete. Zigawo monga Victoria mu 2019 ndi Queensland mu 2020 zinakhazikitsa malamulo okakamiza ansembe kunena. Likulu la Mpingo ku Vatican linatulutsa chikalata mu 2019 chotsindika kuti chinsinsi cha kulapa sichingathyoledwe ndi lamulo la boma lililonse, ndipo mpaka lero mbali ziwirizi sizinagwirizane. Ine pa nkhani ya ana ndili mbali ya boma, ndipo sindibisa. Pa nkhani ya soya ndikhoza kumvetsa abusa, koma pokhapokha ngati mnyamata waganyu uja sakusiyidwa kuti amire yekha.

Bambo Yusufu, Waliranji:
Ndiloleni ndiponyepo mawu ngati Msilamu, popeza lamulo lililonse limene lingalembedwe lidzakhudzanso mashehe athu. Ife tilibe mwambo woulula machimo kwa shehe, munthu amalapa kwa Mulungu mwachindunji, koma anthu amapita ndithu kwa shehe ndi nkhani zolemera za m'banja, za ngongole ndi za chuma chamasiye, ndipo zimene amuuza ndi chosungitsa chimene ayenera kuchisamala. Chiphunzitso chathu chimatiuza kubisa zofooka za m'bale wathu ndipo chimaletsa ukazitape ndi miseche. Koma Qur'an yomweyo, mu sura 2 ndime 283, imaletsa kubisa umboni. Ndiye ife timaona kuti kubisa tchimo limene munthu wachimwira Mulungu yekha ndi chinthu china, ndipo kubisa choonadi pamene munthu wosalakwa akuvutika ndi chinthu chinanso. Pempho langa ndi lakuti tikamakamba za chitetezo tisamangire pa sakramenti la mpingo umodzi, chifukwa tikatero tibwereza cholakwa cha ku New York cha mu 1817 chimene a Sakala afotokoza.

Mayi Nazulu, Tembwe:
Ine ndakhala ndikungowerenga, koma pali mbali imene sinakambidwe ndipo ndi imene ndinaidutsamo ndekha. Tikuopa kuti khoti lidzatsegula pakamwa pa abusa, koma kunena zoona zinsinsi zambiri za akhristu sizitulukira kukhoti, zimatulukira kumpingo komweko. Zaka zingapo zapitazo banja langa linagwedezeka, ndipo ndinapita kwa mtsogoleri wina wa mpingo umene ndinkapemphera nthawi imeneyo. Ndinamuuza zinthu zimene ngakhale ankhoswe anga sankazidziwa, kuphatikizapo zotsatira za magazi zimene ndinali nditangolandira kuchipatala. Lamulungu lachiwiri lake ndinamva nkhani yanga paguwa. Dzina sanatchule, koma anatchula chiwerengero cha ana anga, ntchito ya amuna anga ndi mbali ya mudzi kumene tinkakhala, ndipo ndinaona amayi a kwaya akutembenuka mmodzimmodzi kundiyang'ana. Ndinakhala mpaka pemphero lomaliza chifukwa miyendo inakana kundinyamula. Kuchokera tsiku limenelo sindinapondenso pakhomo la tchalitchi chimenecho.

Ndiye ndikamva kuti abusa atetezedwe, ndimafunsa kuti, kodi chinsinsicho mwini wake ndani? Ine ndikuona kuti mwini wake ndi amene analankhula, osati amene anamvetsera. Mbusa ndi wosunga chabe, monga munthu amene wasungitsidwa mbuzi ya mnzake. Ngati lamulo liti limuteteze kuti asakakamizidwe kukhoti, lamulo lomwelo limumangenso kuti asatulutse paguwa, pa bwalo la akulu a mpingo kapena kwa mayi busa kunyumba. Ndipo a Mbewe, mundikhululukire, koma inunso mwanena zambiri pagulu pano. Mwatchula dera, mbewu, kuchuluka kwa matumba ndi nthawi imene munthuyo anapita kwa abusa. Wa ku Kamwendo amene anaona munthu akuyenda usiku umenewo akhoza kulumikiza yekha.

Bambo Mbewe, Kamwendo:
Mayi Nazulu, mwandidzudzula moyenera ndipo ndavomera. Ndinkafuna kuti nkhani imveke bwino, koma sindinaganize za munthu amene anakhulupirira abusa athu. Ndikupempha apagulu nonse kuti zimene ndalembazi musazitumize kwina. Pepaninso kwambiri chifukwa cha zimene munakumana nazo.

Bambo Sakala, Mchinji Boma:
Mfundo ya Mayi Nazulu ndi yaikulu kuposa zonse zimene ine ndalemba. Ngakhale pa chinsinsi cha loya, mwini wake ndi woimiridwayo, ndipo ndi iye yekha amene angalole kuti chituluke. Tikaiona motero nkhaniyi, chitetezo sichikhala ulemu wapadera wa anthu ovala kolala, chimakhala ufulu wa munthu wamba wofuna kutula katundu wa mumtima.

Pali njira ina imene Canada inatsata, imene ndikuona kuti ingatikwane. Mu 1991, pa mlandu wa Gruenke, khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linakana kupereka chitetezo cha chisawawa kwa atsogoleri a zipembedzo, koma linati nkhani iliyonse iziyezedwa payokha ndi mafunso anayi amene katswiri wa malamulo a umboni John Henry Wigmore anawakonza. Kodi munthuyo analankhula akukhulupirira kuti sizituluka? Kodi chinsinsi ndi chofunikadi kuti ubale umenewo upitirire? Kodi ndi ubale umene anthu a m'dziko akufuna kuusunga? Ndipo kodi chimene chiwonongeke poulula ndi chachikulu kuposa chimene chilungamo chipindule? Pa mlandu umenewo mayi amene anauza mbusa ndi mlangizi wa mpingo za kupha munthu sanatetezedwe, chifukwa khoti linapeza kuti polankhulapo sankayembekezera kuti zikhala zachinsinsi. Mukayeza nkhani ya soya ndi mafunso amenewa, atatu oyambawo ali kumbali ya abusa mosakayikitsa. Lachinayi ndi limene likulemera chifukwa cha mnyamata uja. Pakanapanda iyeyo, ndalama zabwezedwa, mwini wake wakhutira, ndipo woweruza wanzeru sakanaona chifukwa chovutitsira mtumiki wa Mulungu. Mukayeza nkhani ya mtsikana wa Mayi Naphiri, ngakhale funso loyamba silidutsa, chifukwa mayi ake anapita kukafuna thandizo, osati kukabisa.

Mbusa Tembo, Kapiri:
Ndaphunzira zambiri, ndipo ndivomere kuti poyamba ndinayang'ana mbali imodzi. Ife a mipingo imene ilibe chilapo cha sakramenti tili ndi vuto lina, lakuti malire athu sadziwika. Munthu amayamba kulankhula tili pa maliro, kapena tikuyenda kuchokera kumunda, ndipo sitidziwa pamene macheza athera ndi pamene kuulula kwayambira. Pamwamba pa apo tili ndi mwambo wa chilango cha mpingo, umene umafuna kuti nkhani zina zifike ku bwalo la akulu, kumene anthu khumi kapena kuposa amamva. Ine kuyambira kale ndimachita chinthu chimodzi chimene ndikupempha abusa anzanga achiganizire. Munthu akati ali ndi nkhani yachinsinsi, ndimamuimitsa asanayambe, ndi kumuuza kuti zonse zimene anene zithera pakati pathu, kupatula ngati pali mwana amene akuzunzidwa kapena moyo wa munthu uli pachiswe, chifukwa pamenepo ndidzafuna thandizo ndipo ndidzamuuza iye poyamba ndisanapite kulikonse. Ena amabwerera pomwepo, ndipo zimandipweteka, koma ambiri amakhala ndi kulankhula, ndipo palibe amene angadzati ndinamunyenga.

Pa za abusa a ku Kamwendo, ine ndikuona kuti ntchito yawo yoyamba si ya kukhoti. Abwerere kwa munthu uja. Ngati si mnyamata waganyuyo, amuuze kuti kubweza ndalama kwakonza mbali imodzi yokha, chifukwa wabanso mbiri ya mwana wa mnzake, ndipo imeneyo sibwezedwa ndi ndalama zokulunga m'pepala. Mateyu 5 amatiuza kusiya mphatso paguwa ndi kuyamba takayanjana ndi m'bale amene tamulakwira. Amulimbikitse kuti adzipereke yekha, amuperekeze ngati akuopa, kapena awalole abusa kunena poyera kuti wogwidwayo si amene anabwera kwa iwo.

Bambo Sakala, Mchinji Boma:
Abusa Tembo, njira yomalizayo ndi yabwino, koma ichitike ndi uphungu wa loya, chifukwa mboni ikangoyamba kunena kuti si uyu, woimira boma amafunsa kuti nanga ndi uti, ndipo kuima pakati kumavuta. Palinso ngozi ina, yakuti mbusa akazolowera kuyeretsa osalakwa, tsiku limene adzakhale chete anthu adzati ndiye kuti wogwidwayo ndi yemweyo. Chifukwa chake chilolezo cha mwini nkhani n'chofunika kwambiri. A Mbewe, chisamani chikabwera abusa asachinyalanyaze ayi, chifukwa kusapita kukhoti ndi mlandu pawokha. Apite, ndipo akafunsidwa afotokoze mwaulemu chifukwa chake akupempha kuti asayankhe, woweruza agamule. Ngati mpingo sungakwanitse loya, a Legal Aid Bureau anakhazikitsidwira anthu osowa, ndipo mnyamata waganyuyo ndi amene akufunika thandizo lawo koposa. Za mtsogolo, mabungwe athu a zipembedzo monga Malawi Council of Churches, Evangelical Association of Malawi, Muslim Association of Malawi ndi maepiskopi a Katolika akhoza kukhala pamodzi ndi kupempha a Law Commission, bungwe lounika malamulo a dziko lino, kuti aunike nkhaniyi, kuti pakhale malire olembedwa onena amene akutetezedwa, zokambirana zamtundu wanji, ndi pamene chitetezocho chimathera.

Mayi Naphiri, Mkanda:
Ngati zokambirana zoterezo zidzachitike, pampando pakhalenso anthu oteteza ana ndi a Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, osati atsogoleri a zipembedzo okhaokha. Ndipo kwa aliyense amene akuwerenga ali ndi nkhani ya mwana m'manja, asadikire kuti mkangano wa malamulowu uthe, nambala ya foni yaulere ya 116 yothandiza ana ilipo.

Bambo Mbewe, Kamwendo:
Ndabwera kudzakudziwitsani pamene nkhani yafika, ndipo ndisamala mawu monga Mayi Nazulu anandilangizira. Ndinawawerengera abusa zimene mwalemba, ndipo anakhala chete nthawi yaitali atamva za mnyamata uja ndi mayi ake. Sanandiuze kanthu za amene anabwera kwa iwo, ndipo ine sindinafunse. Anangoti ali ndi ulendo woti ayende sabata ino, ndipo apempha kuti tiwapempherere. Ife akulu tagwirizana zinthu ziwiri zimene zili m'manja mwathu. Awiri a ife tipita kwa mayi a mnyamatayo Lachinayi kukawaona ndi kuwafotokozera za a Legal Aid Bureau, ndipo mmodzi wa ife amene ali ndi mtedza wosaswa wavomera kumupatsa ganyu kuyambira Lolemba. A Sakala, ngati mungalole, ndikuimbireni madzulo ano kuti mutiuze mapepala amene mnyamatayo ayenera kutenga popita kukapempha loya.